Moto wa ku Lewes: kodi mlendo aothe nawo?

Chaka ndi chaka, pa 5 Novembala, tauni yaing'ono ya Lewes m'chigawo cha East Sussex, kummwera kwa dziko la England, imasanduka ng'anjo. Dzuwa likangolowa, amuna, amayi ndi ana omwe amatuluka m'nyumba zawo atavala zovala zamitundumitundu, miuni yoyaka ili m'manja, ng'oma ndi malipenga zili patsogolo, n'kumaguba m'misewu yopapatiza ya tauniyo mpaka pakati pa usiku. Amakoka migolo ya phula loyaka, amaphulitsa makombola ogonthetsa m'khutu, ndipo pamapeto pake amakayatsa zimoto zikuluzikulu m'mabwalo a m'mphepete mwa tauni. Tsikuli likagwa Lamulungu, mwambowo amauchita Loweruka pa 4, monga zidachitikira mu 2017 ndi mu 2023.

Tauniyi ili ndi anthu pafupifupi 17,000 okha. Koma pa usiku umenewu, m'zaka zina, chiwerengero cha odzaonerera chakhala chikuyerekezedwa kufika pa 60,000 ngakhale kuposerapo. Ambiri amachokera ku Brighton, mzinda umene uli pa mtunda wa makilomita pafupifupi 13, ena ku London, ulendo wa ola limodzi pa sitima yapamtunda, ndipo ena ndi ophunzira a m'mayunivesite amene ali pa Falmer, pakati pa Brighton ndi Lewes. Kaamba ka ichi, apolisi, ozimitsa moto, achipatala ndi makhonsolo a m'deralo akhala akulengeza uthenga umodzimodzi mwambowo ukamayandikira, wakuti munthu amene sakhala ku Lewes asavutike n'kubwera. Kuyambira mu 2017 mawuwo adawaonjezera mphamvu. Misewu yolowera m'tauni imatsekedwa madzulo, ndipo sitima siziima pa siteshoni ya Lewes ndi masiteshoni oyandikana nayo monga Falmer, Glynde ndi Cooksbridge kufikira m'mawa mwake.

Mwina wina afunsa kuti za ku England zikufuna chiyani pa tsamba lino. Moto wa ku Lewes udabadwira m'mikangano ya Akhristu okhaokha, mikangano yomweyo imene idabala mayina a mipingo imene ambiri a ife timapempherako lero. Komanso funso limene anthu a kumeneko akulimbana nalo likudziwika ku banja lililonse limene lidakonzapo ukwati kapena kusunga maliro: kodi mwini mudzi ali ndi ufulu wotseka chipata pamene alendo achuluka kuposa mphasa? Nanga mlendo amene wauzidwa kuti asabwere, mtima wake auchite bwanji?

Tiyambe ndi gwero la motowu. M'chaka cha 1605 kagulu ka Akatolika a ku England, motsogozedwa ndi Robert Catesby, kadakonza chiwembu chophulitsa Nyumba ya Malamulo ku London pa tsiku limene Mfumu James I imayenera kudzatsegulira zokambirana. Anthuwa adali atatopa ndi malamulo opondereza mpingo wawo. Adabisa migolo 36 ya wonga wa mfuti m'chipinda cha pansi pa nyumbayo, koma usiku wa pa 4 kucha wa pa 5 Novembala, ofufuza adapeza Guy Fawkes akulondera migoloyo ndipo adamugwira. Iye adaphedwa mu Januwale 1606, ndipo mwezi womwewo aphungu adakhazikitsa lamulo loti pa 5 Novembala chaka chilichonse m'matchalitchi muzichitika mapemphero othokoza Mulungu chifukwa chopulumutsa mfumu. Lamuloli lidafafanizidwa mu 1859, koma chizolowezi choyatsa moto ndi kuotcha chifaniziro cha Fawkes chidatsala. M'madera ambiri a Britain lero ndi usiku wa makombola chabe, wosangalatsa ana.

Ku Lewes nkhani yake ndi yozama kuposa apo. Zaka 50 chiwembu cha Catesby chisanachitike, mu ulamuliro wa Mfumukazi Mary I, imene idafuna kubwezera England ku mpingo wa Katolika, Apolotesitanti pafupifupi 280 adaotchedwa amoyo m'dziko lonselo. Mwa iwo, 17 adafera ku Lewes pakati pa 1555 ndi 1557, pamsewu waukulu, kutsogolo kwa nyumba ya alendo yotchedwa Star Inn, pamene lero pali holo ya tauni. Tsiku loopsa koposa lidali la 22 Juni 1557, pomwe anthu 10, amuna 6 ndi amayi 4, adaotchedwa pamoto umodzi. Pakati pawo padali mayi ndi mwana wake wamwamuna, komanso Richard Woodman, mwini ng'anjo yosungunulira zitsulo wa ku Warbleton. N'chifukwa chake pa usiku wa mwambowu mitanda 17 yoyaka moto imanyamulidwa m'misewu, ndipo paphiri la Cliffe pali chipilala chowakumbukira chimene chidamangidwa mu 1901. Nkhondo ziwiri zikuluzikulu za dziko lonse zitatha, anthu a ku Lewes adaonjezerapo kukumbukira ana awo amene adafera kunkhondo. Gulu lililonse limaima pa chipilala cha asilikali n'kusiyapo nkhata ya maluwa, phokoso lonse litati zii.

Mwambowu sudayambe mwa dongosolo ayi. M'zaka zoyambirira za m'ma 1800 anyamata a m'tauniyo ankauchita mwachipolowe, akugubuduza migolo yoyaka pafupi ndi nyumba za anthu, mpaka mu 1847 padabwera apolisi ochokera ku London kudzawabalalitsa. Mu 1850 Papa Pius IX atabwezeretsa maepiskopi a Katolika ku England, mkwiyo wa Apolotesitanti udayakanso, ndipo mu 1853 magulu awiri oyamba a moto, la Cliffe ndi limene lero limatchedwa Lewes Borough, adakhazikitsidwa kuti zinthu ziziyenda mwa dongosolo. La Commercial Square lidatsatira mu 1855, la South Street mu 1913. Lero magulu alipo 7, ndipo 6 mwa iwo ndiwo amaguba pa usiku wa pa 5 Novembala, lililonse ndi njira yake, bwalo lake la moto ndi makaka a zovala zake.

Ntchito ya magulu amenewa ndi ya chaka chonse. Mamembala amasonkha ndalama, amachititsa timisika ndi maphwando opezera thandizo, amasoka zovala, amamanga ndi manja miuni zikwizikwi, ndipo amapanga mobisa zifaniziro zikuluzikulu za andale ndi anthu ena otchuka zoti zidzaphulitsidwe. Alipo mabanja amene agogo, makolo ndi adzukulu onse amaguba m'gulu limodzi. Palibe amalandira malipiro. Pa usikuwo amayendanso ndi zidebe zotolera ndalama zothandizira mabungwe achifundo a m'deralo.

Tikamvetsa zimenezi, tingamvetsenso kuwawidwa mtima kwa eni mudzi. Taganizani mayi amene wakhala miyezi akusoka zovala za ana ake, koma pa tsiku lenilenilo sangathe kuwaona akudutsa chifukwa kutsogolo kwake kwaima khoma la anthu amene sawadziwa, mabotolo a mowa ali m'manja, mafoni ali m'mwamba. Taganizani mkulu amene waima pa chipilala cha asilikali kukumbukira agogo ake, pambali pake wina akukuwa mwauchidakwa chifukwa sakudziwa kuti ino ndi mphindi ya chete. Madandaulo amene amabwerezedwa chaka ndi chaka ndi omwewo: oledzera, oponya makombola pakati pa anthu, odzithandiza m'makhonde a eni, ndi zinyalala zimene zimatsala m'mawa. Sikuti onse ochita zimenezi ndi alendo, ndipo alendo ambiri amabwera ndi kuchoka mwaulemu. Koma n'zoona kuti munthu amene sadzabweranso mawa savutika kwenikweni ndi manyazi a lero. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ku Lewes mameyo amakamuka ndithu, koma matope ake amatsala ndi eni.

Komatu eni mudziwo sali ndi mtima umodzi. M'tauni yomweyo muli okalamba amene usikuwo amadzitsekera m'nyumba, muli mabanja amene amathawitsa agalu ndi amphaka awo chifukwa cha phokoso, muli eni masitolo amene amakhomera matabwa pamawindo n'kutseka msanga, pamene ogulitsa zakumwa ndi zakudya amaona tsikuli ngati la zokolola. Kuletsa sitima nako kudabweretsa madandaulo ake, pakuti anthu a ku Lewes amene amagwira ntchito ku London kapena ku Brighton amakakamizika kuweruka msanga kapena kusowa njira yobwerera kwawo. Ndiye palinso funso lovuta koposa: mwini mudzi ndani? Nyumba ku Lewes n'zokwera mtengo. Alipo amene adabadwira m'tauniyo, amene mabanja awo akhala m'magulu a moto kwa mibadwo, koma adasamukira kwina chifukwa chosowa nyumba yoti angakwanitse. Alipo amene adagula nyumba zaka zochepa zapitazo kuchokera ku London. Msewu ukatsekedwa, woyambayo ali kunja, wachiwiriyo ali mkati. Mzere wogawa eni ndi alendo ndi wosavuta kuulemba pa chikwangwani, koma ukafika pa anthu enieni umakhota.

Ngakhale zili choncho, ife tikuti akuluakulu a chitetezo akuchita bwino kuchepetsa khamu, ndipo tikunena izi mosajejema. Lewes ndi tauni yakale, yomangidwa pa zitunda, misewu yake idakonzedwera ngolo za akavalo. Pakati pake pali mlatho waung'ono wodutsa mtsinje wa Ouse, ndipo pali tinjira tambiri topapatiza pakati pa makoma. Anthu akathithikana m'malo otere, mmodzi akagwa, ena amagwera pa iye, ndipo a kumbuyo amapitiriza kukankha chifukwa sakuona zimene zikuchitika kutsogolo. Ambiri amene amafa m'ngozi zotere amafa chifukwa chifuwa chapanikizika mpaka mpweya kulephera kulowa, nthawi zina ali chiimire. Ambulansi singadutse, ndipo ku Lewes kuli kuonjezerapo moto ndi wonga.

Izi si zongoopseza. Pa 30 Epulo 2021, paphiri la Meron kumpoto kwa Israel, Ayuda zikwizikwi adasonkhana pa manda a Rabbi Shimon bar Yochai pa chikondwerero cha Lag BaOmer, chimenenso chimadziwika ndi kuyatsa zimoto. Potuluka, anthu adapanikizana m'kanjira kopapatiza kotsetsereka, ndipo amuna ndi anyamata 45 adafa. Adali atapita kukapemphera. Pa 29 Okutobala 2022, ku Itaewon mumzinda wa Seoul ku South Korea, anthu 159, ambiri achinyamata, adataya miyoyo chifukwa chopanikizana m'kamsewu kakang'ono pa usiku wa chisangalalo. M'malo awiri onsewa, zitachitika, funso la mafuko lidali lakuti bwanji akuluakulu sadaletse khamu lisanachuluke. Wapolisi amene watseka msewu wa ku Lewes amatukwanidwa usiku umodzi. Akadausiya wotsegula n'kuchitika ngozi, akadasenza mlandu moyo wake wonse. Kuchereza alendo kumene kumathera pa kunyamula mitembo yawo sikungatchedwe chikondi.

Tsono apa mpamene tiyenera kusamala. Kutseka chipata chifukwa nyumba yadzaza ndi chinthu china, kutseka mtima chifukwa wogogodayo si wathu ndi chinanso, ndipo ziwirizi zimafanana nkhope kotero kuti munthu atha kuchita chachiwiri akudzinamiza kuti akuchita choyamba. Mbiri ya Lewes yeniyeniyo ikuchenjeza za ichi. Woyamba mwa anthu 17 aja, amene adaotchedwa pa 22 Julaye 1555, adali Dirick Carver. Munthuyu adabadwira kutsidya kwa nyanja, m'dera limene lero lili m'dziko la Belgium, ndipo ankakhala ku Brighton kumene ankafulula mowa. Adamugwira chifukwa chochititsa mapemphero m'Chingerezi m'nyumba mwake. Ambiri mwa anzake aja nawonso adachokera m'midzi ina ya Sussex, ndipo ku Lewes adangobweretsedwa kudzaphedwa. Ndiye kuti mtanda woyamba mwa mitanda 17 imene eni tauni amanyamula monyadira ndi wa munthu wobwera, wokhala mumzinda womwewo umene anthu ake amauzidwa lero kuti akhale kwawo. Ofera chikhulupiriro amenewa si chuma cha tauni imodzi. Mkhristu wa ku Brighton, wa ku London kapena wa kwina kulikonse amene akufuna kuwakumbukira ali ndi gawo mwa iwo.

Zimene zidachitika ku Firle, mudzi wapafupi ndi Lewes, zikuonetsa kumene moto wa mudzi ungathe kulowera ukasowa woudzudzula. Mu Okutobala 2003 gulu la moto la kumeneko lidaotcha chifaniziro cha kalavani yokhala ndi zithunzi za banja la anthu oyendayenda otchedwa Gypsies, ana omwe ali pawindo, pambuyo pa mkangano ndi anthu otere amene adamanga misasa pafupi ndi mudziwo. Dziko lonse lidadzidzimuka. Anthu angapo adamangidwa, ngakhale kuti mu 2004 oimira boma pamilandu adati palibe umboni wokwanira wowazengera mlandu. Okonza mwambowo adati sadafune kunyoza mtundu wa anthu. Koma mwana wa banja loyendayenda amene adaona chithunzi chimenecho adamva uthenga wina, ndipo sitingamuuze kuti adamva molakwika.

Nkhani ina idatha bwinoko. Kwa zaka zambiri mamembala ena a gulu la Lewes Borough ankaguba atavala ngati ankhondo a Chizulu, nkhope atazipaka utoto wakuda. Mu 2017 anthu adadandaula, ndipo mtsogoleri wa gulu lovina magule a Chizulu, mbadwa ya ku South Africa yokhala ku England, amene adaitanidwa kudzavina nawo, adawafotokozera kuti kudzipaka kotero kunkanyoza anthu amene iwo ankati akuwalemekeza. Gululo lidavomera kusiya utoto wakudawo. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mudzi umene sulola maso achilendo umazolowera zipsera zake mpaka kuziyesa zokongoletsa.

Chipsera chimene chikadalipo ndi cha Papa. Magulu ena, makamaka la Cliffe, amaotcha chifaniziro cha Papa Paul V, amene adali pampando mu 1605, ndipo pamsewu wa Cliffe pamapachikidwa chinsalu cha mawu akale okana ulamuliro wa Papa. Pabwalo la moto, amuna ovala ngati atsogoleri a mpingo amalalikira mwachipongwe anthu akuwaponyera makombola. Eni mwambowo amanena kuti iyi ndi mbiri chabe, kuti amene akuotchedwa ndi Papa wa zaka 400 zapitazo, ndiponso kuti alibe chidani ndi Akatolika a lero. Tikukhulupirira kuti ambiri a iwo amanena zoona. Komabe palibe umboni woti Paul V adatengapo mbali pa chiwembu cha Catesby, ndipo mbiri ikafotokozedwa theka imasanduka bodza. Mary I atamwalira, mu ulamuliro wa Elizabeth I, ansembe a Katolika oposa 100 adaphedwa mwankhanza, ndipo Akatolika adadikira mpaka 1829 kuti aloledwe kukhala aphungu. Mu 1970 Papa Paul VI adalengeza kuti 40 mwa ofera chikhulupiriro a ku England ndi Wales ndi oyera. Mbali zonse ziwiri zili ndi manda. Ku Lewes kulinso tchalitchi cha Katolika cha St Pancras, ndipo Akhristu ake ndi eni tauni ngati wina aliyense. Tikufunsa: pa usiku umene apolisi akuti eni mudzi okha ndiwo akhalepo, kodi n'koyenera kuti ena mwa eni mudziwo adzimve alendo pakhomo pawo? Maganizo athu ndi akuti mitanda 17 ipitirire kuyaka, pakuti kukumbukira ofera chikhulupiriro ndi ntchito yabwino, koma chifaniziro cha Papa chidakwanitsa zaka zake ndipo chikanapumula.

Ife kuno tili ndi chifukwa cholankhulira motero. Mipingo yathu idabwera ndi mayina a mkangano womwewo: a UMCA adafika ku Magomero mu 1861, a Livingstonia mu 1875, a Blantyre mu 1876, ansembe a Montfort ku Nzama mu 1901, ndipo a White Fathers ku Mua mu 1902. Agogo athu amakumbukira masiku amene kukwatira wa mpingo wina kunkagawa banja. Koma mu 1992, maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi, atsogoleri a mipingo ina adaima nawo, ndipo chaka chomwecho bungwe la Public Affairs Committee lidabadwa, Akatolika, Apresbateria, Aanglikani ndi Asilamu ali patebulo limodzi. Tidaona ndi maso athu kuti mkangano wa ku Ulaya wa zaka za m'ma 1500 ungathe kuikidwa pansi popanda wina kutaya chikhulupiriro chake.

Mlendo naye ali ndi mlandu wake, ndipo si woledzera yekha. Mu 1981 mbusa ndi wandale wa ku Northern Ireland, Ian Paisley, adafika ku Lewes pa nthawi ya mwambowu ndi uthenga wake wotsutsa Akatolika, pa nthawi imene kwawo anthu ankaphana chifukwa cha magawano omwewo. Anthu a ku Lewes sadakondwere nazo, ndipo chaka chotsatira chifaniziro chake chidaotchedwa. Pali mlendo amene amabwera kudzaotha moto wa eni, palinso amene amabwera ndi chikuni chake choyaka kale, kufuna kugwiritsa ntchito bwalo la ena pa nkhondo yake. Pamenepo eni mudzi adachita bwino kukana.

Malemba Oyera ali ndi nkhani ziwiri za moto ndi alendo zimene zikuyenera kuwerengedwa pamodzi. Yoyamba ili m'mutu 9 wa Luka. Yesu ali pa ulendo wopita ku Yerusalemu, adatuma amithenga kumudzi wina wa Asamariya kukakonza malo, koma anthu a m'mudzimo adakana kumulandira. Chifukwa chawo sichidali chabwino nkomwe: chidali chidani chakale cha pakati pa Ayuda ndi Asamariya pa nkhani ya malo opembedzerapo. Yakobo ndi Yohane adapsa mtima n'kupempha chilolezo choitana moto kuchokera kumwamba kuti unyeketse mudziwo. Ambuye adawadzudzula, ndipo gulu lonse lidangopita kumudzi wina. Ngati Mwini dziko lonse adalola kubwezedwa pa chipata cha kamudzi kamodzi, popanda kuthyola chipatacho kapena kutemberera eni ake, ndiye wophunzira wa ku Falmer amene wapeza sitima siikuima pa Lewes alibe chifukwa choyendera m'minda ya anthu usiku kuti akalowe mozembera. Kukanidwa kumawawa, ndipo nthawi zina kumakhala kosalungama, koma sikupatsa wokanidwayo ufulu wodzitengera yekha.

Yachiwiri ili kumapeto kwa Machitidwe a Atumwi. Ngalawa imene idanyamula Paulo idasweka pafupi ndi chisumbu cha Melita, chimene lero ndi Malta, ndipo anthu onse 276 adapulumuka n'kufika kumtunda ali chinyowere, mvula ikugwa, kukuzizira. Eni chisumbucho sadawadziwe, ndipo ambiri mwa ofikawo adali asilikali ndi akaidi. Komabe adasonkha moto n'kuwalandira onse. Wolemba bukuli adachita chidwi ndi chifundo chimenechi kotero kuti adachilemba kuti chisaiwalike. Koma taonaninso zimene mlendo adachita. Paulo, munthu wachikulire amene adangotuluka m'madzi, sadakhale pansi kudikira kuti eni amusonkhezere. Adapita kukatola nkhuni, ndipo mpamene njoka idamuluma kudzanja. Pa miyezi itatu imene adakhala kumeneko adapempherera odwala, kuyambira ndi bambo ake a mkulu wa chisumbucho, ndipo pochoka eni adawapatsa kamba wa paulendo.

Tisasokoneze nkhani ziwirizi ndi ya ku Lewes mopitirira muyeso. Anthu a pa Melita adali opulumuka pangozi, osowa pogwira. Khamu la pa 5 Novembala limabwera kudzasangalala, ndipo likabwezedwa palibe amene amagona ndi njala. Lamulo la Mose lokonda mlendo lidanena za munthu wofooka amene alibe nthaka kapena m'bale womuteteza, ndipo n'kulakwa kulitenga kuti likakamize tauni ya anthu 17,000 kulandira aliyense amene ali ndi foni ndi ndalama ya sitima. Muyeso weniweni wa mtima wa Lewes, kapena wa tauni iliyonse, uli pa mmene imachitira ndi wothawa nkhondo, wosowa pogona ndi banja loyendayenda masiku ena 364 a chaka. Koma chithunzi cha Paulo ali ndi mtolo wa nkhuni chikuyankha funso la mlendo wodzasangalalayo. Magulu a moto a m'midzi ina ya Sussex amalandiridwa ku Lewes chaka chilichonse n'kuguba nawo, chifukwa amadziwa mtengo wa muuni umodzi, ndipo a ku Lewes amakawabwezera ulendowo. Amenewo nawonso ndi alendo, koma palibe amene amadandaula nawo.

Matauni ena apeza njira zawo. Ku Ottery St Mary, m'chigawo cha Devon, kumene anthu amathamanga atasenza migolo ya phula loyaka pamapewa, alendo amaloledwa kuonerera koma kusenza mgolo ndi kwa obadwira m'tauniyo kapena amene akhalamo zaka zambiri. Ku Lewes komweko, mabwalo ambiri a moto amalowetsa anthu ndi matikiti, zimene zimathandiza kudziwa chiwerengero ndi kubweza zina mwa ndalama zimene magulu adawononga. Vuto latsala m'misewu, imene ndi ya aliyense ndipo ilibe chitseko. Tikanakonda kuti uthenga wa akuluakulu, pouza anthu kuti asabwere, uzifotokozanso momveka chifukwa chake ndi tanthauzo la usikuwo, kuti wobwezedwayo adziwe kuti akutetezedwa, ndiponso kuti amene wafika adziwe nthawi yovula chipewa. Tikanakondanso kuti mipingo ya m'tauniyo, ya Katolika ndi ya Chipolotesitanti, izikhala patsogolo kukumbukira pamodzi onse amene adaphedwa m'dzina la Khristu ndi manja a Akhristu anzawo.

Kwa abale athu amene akukhala ku Brighton, ku London ndi madera ena a kummwera kwa England, amene ana awo akufunitsitsa kukaona motowu, malangizo athu ndi akuti amvere apolisi pa 5 Novembala. Nyengo ya moto ku Sussex ndi yaitali. Imayamba kumayambiriro kwa Seputembala ku Uckfield n'kumayenda mudzi ndi mudzi pafupifupi Loweruka lililonse mpaka mu Novembala, ndipo ku Hastings, tauni yaikulupo, mwambo wake umachitika mu Okutobala, moto wake n'kuyatsidwa m'mphepete mwa nyanja. Amene akufuna kuona pamene Dirick Carver ndi anzake adafera atha kupita ku Lewes tsiku lina lililonse masana. Sitima imaima, holo ya tauni ili pamsewu waukulu pomwepo, ndipo chipilala cha pa phiri la Cliffe chimaonekera patali.